Ramadani Zanga Ndinasalira Kumwezi

Amene akufuna kuseka asekeretu panopa, amalize, apukute misozi, chifukwa ndikayamba kulankhula sindikufuna kuona mano a munthu. Iwe Limbani, bweza foniyo m'thumba. Zimene ndikuuzeni ine mufonimo mulibe, ndipo amene anaipangayo anali asanabadwe pamene ine Mkwanda ndinkasuzumira mwezi kumsana kwake. Eya, ndatero. Mwezi womwe uja timaudikira kuti utiuze tsiku la Idi, ine ndinauzungulira mpaka ndinatopa nawo. Dzina la Mulungu sindilitchula pa nkhani za pamkeka m'mwezi woyera uno, koma ndikulumbira pa yunifomu yanga, zonse ziwiri, yovala ndi yochapa.

Ndikudziwa chimene mwandiitanira kuno ku Corniche, m'mbali mwa nyanja ya ku Qatar, lero Lachisanu. Mwayala mkeka pakapinga, mwagula zipatso za tende ndi madzi, mukuti tidikire limodzi dzuwa lilowe timasule, koma maso anu ali pa ine ngati ndaba nkhuku. Jafali wakuuzani, ndipo sananame. Lachitatu masana, dzuwa lili paliwombo, anandipeza pamasitepe a kuseri a chinyumba chimene timalondera ku Al Dafna, icho chikuoneka kutsidyacho, ndili khale pansi, tende m'kamwa, botolo la madzi m'manja, mkati mwa Ramadani. Tsopano mwagawikana. Ena mukuti Che Mkwanda, munthu wotitsogolera mapemphero a swala ku rumu kumene timagona, wataya chipembedzo. Ena mukuti ayi, ndi matenda a shuga amenewo, simunaone mmene manja akunjenjemerera? Ndipo iwe Jafali, popeza anakupatsa utimu lida, lamulo likuti mlonda wodwala ukamunene kwa supavaiza, supavaiza amutumize ku medikolo ya kampani, ndipo tonse tikudziwa kuti munthu wa imvi ngati ine akalowa ku medikolo imeneyo amatulukira ku eyapoti, chikwama m'manja, khalasi, zatha. Ndiye mukufuna ndisankhe, ndikhale wochimwa kapena ndikhale wodwala wopita kwawo. Sindisankha chilichonse. Ndinadya chifukwa Ramadani zanga ndinasala kale, zonse, mpaka za zaka zimene sindinafike, ndipo ndinasalira kumwezi. Mukumva?

Ndinachoka ku Ntaja ndevu zisanamere, ndinapita ku Joni, ndinapeza ulonda pageti la mgodi, ndipo kuima kumene ndinkaima ine si uku mumachita inu kotsamira khoma n'kumasinthanitsa miyendo ngati nkhuku yamvula, ine ndinaima mpaka timba anamanga chisa m'chipewa changa, n'kuikira mazira, n'kuswa, ana n'kukula n'kuuluka, ine osaphethira, chiswe n'kumanga chulu kufika m'mawondo, moti tsiku lolandira yunifomu yatsopano anachita kundikumba ndi makasu. Mbiri imeneyo inawoloka nyanja n'kukafika ku Amereka, kumene azungu anali atamaliza kupanga chombo chopita kumwezi, atasankha amuna atatu okakwera, koma zinthu zitawaima pa funso limodzi: anthu atatuwa akagona, katundu aziyang'anira ndani? Munthu wolemera atha kupanga chilichonse, koma katundu wake samusiya wopanda mlonda. Si chifukwa chake ife tili kuno?

Anandipima, ndipo pamenepa iwe Jafali utchere khutu. Dokotala anaika chomvera chake pachifuwa panga, mtima wanga unagunda kamodzi, iye anagontha khutu la kumanzere mpaka lero. Anandilowetsa m'makina ozungulitsa munthu ngati mwala wa pa gulaye, makina amene azungu atatu aja ankatulukamo akukwawa, akusanza ndi zimene anadya chaka chatha, koma ine ndinazungulira kuyambira m'mawa mpaka makinawo ndi amene anachita chizungulire, anafuka utsi, anagwa cham'mbali, ine n'kutsika n'kufunsa ngati pali tiyi. Anandimiza m'madzi, ndinagona tulo. Ananditsekera m'chipinda chozizira, ndinapempha chokupizira. Thupi limenelo ndi lomwe lino mukuti likudwalali.

Wati chiyani Limbani? Mipando inali itatu, pazithunzi pali anthu atatu? Iwe ndiwe dalaivala, n'chifukwa chake nzeru zako zonse zili pa mipando. Unaona kuti mlonda atapatsidwa mpando? Ine ndinaima kuseri kwa mpando wa kapitawo, pafupi ndi chitseko, malo anga a masiku onse. Za zithunzizo usandiyambe dala. Pachinyumba chathu chija alendo amajambulitsa tsiku ndi tsiku, pakhomo, pamaluwa, pachikepe, ife tili chiimire pomwepo. Tsegula foni yakoyo undionetse chithunzi chimodzi chimene chili ndi nkhope ya Jafali. Amajambula mpaka mphaka wa pageti, koma mlonda amamudula, pamatsala chigongono. Pazithunzi za kumwezizo ukayang'anitsitsa pakona upeza chigongono chakuda. Ndi changa.

Tsiku lonyamuka anayatsa moto pansi pa roketi yaitali kuposa nyumba zonse mukuzionazi mutazisanjikiza, dziko linanjenjemera, ng'ombe za ku Amereka zinasiya mkaka, ndipo mphamvu imene inatikankha inawapanikiza azungu m'mipando mpaka masaya awo anafika kumakutu, koma ine poti ndinali chiimire inandipanikiza kuchokera pamutu, ndinamva msana ukulowana ngati ndodo ya wailesi, moti ine amene ndinali wamtali woweramira pakhomo la mzikiti ndinafika kumwamba ndili msinkhu uno mukuuonawu. Sindinadandaule. Ntchito ndi ntchito.

Kumwambako kulibe kulemera. Supuni imauluka, nsapato imauluka, munthu ukayetsemula umabwerera m'mbuyo n'kukagunda khoma. Chakudya chinali m'timachubu ngati mankhwala otsukira mano, nyama m'chubu, mbatata m'chubu, ine n'kuti zikomo bwana, sindikudziwa amene anazinga nyama imeneyi, ndili ndi thumba langa la mtedza wokazinga limene mayi anga anandipatsira ku Ntaja. Vuto linali swala. Madzi osambira m'manja ndi kumaso ukawathira amasanduka mpira n'kuthawa, ndiye ndinkawathamangitsa chombo chonse ndisanaswali, ndikati ndiwerame ndigunditse mphumi pansi, miyendo imakwera kudenga, mpaka ndinachita kudzimanga ndi lamba ku chigwiriro cha chitseko. Koma koyang'ana sikunavute. Kuno mumakangana ku rumu, wina akuti Maka ali uku, wina akuti ali uko, mpaka kufunsa foni. Ine ndinkangoyang'ana dziko lonse lapansi pawindo, Maka ali momwemo, khalasi.

Tili m'njira ndinawerenga masiku n'kupeza kuti Ramadani yayandikira. Ndinamuuza kapitawo kuti andibwereke wailesi. Anakana, akuti ndi ya boma. Ndinamuyang'ana mmene ndimayang'anira munthu wofuna kulowa pageti opanda ID, anandipatsa yekha. Uthenga unatsika ku Amereka, unawoloka pa waya wa pansi pa nyanja, unafika ku positi ofesi ku Blantyre, unakwera basi mpaka ku Liwonde, unakwera njinga mpaka ku Ntaja, n'kuwapeza shehe wathu akupalira chinangwa. Funso langa linali lakuti munthu ali kumwamba asala bwanji. Yankho linabwerera njira yomweyo, lili ndi fumbi: "Mwana wanga, dzuwa likatuluka usale, likalowa umasule. Mwezi uli nawo pafupi, usativutitse."

Mawu amenewo muwasunge, chifukwa mlandu wonsewu wagona pamenepo.

Tinafika. Mwezi mukauona kuno mumati ndi woyera, wosalala. Bodza. Ndi wotuwa ngati phulusa la dzulo, maenje okhaokha kuposa msewu wa kwathu nthawi ya dzinja. Sitinatere, ulendo umenewo unali wongozungulira, kuona njira kuti ena adzatere pambuyo. Ndiye chombo chikapita kuseri kwa mwezi wailesi imafa, Amereka osamveka, dziko osaoneka, mdima wake woti ukatambasula dzanja umakayika ngati unabadwa nalo. Mwa azungu atatu aja, anthu ophunzira, ankhondo, wina anayamba kuitana amayi ake chapansipansi. Ine ndinati musaope mabwana, kuseri kwa nyumba ndiye kuntchito kwanga. Ndinayatsa tochi, ndinaunika uku ndi uku, ndinafuula kuti ali kumeneko ndani, panalibe woyankha, tinadutsa.

Potulukira mbali inayo, iwo maso ali pa mawotchi awo, ine maso ali pawindo poti mlonda sayang'ana pansi, ndinaona chinthu chikutuluka kuseri kwa mwezi, chobiriwira, chowala, chaching'ono choti n'kuchiphimba ndi chala chachikulu. Ndinati bwana, taonani kwathu. Analimbirana kamera, wojambulayo akuyandama osakhazikika, ine n'kumugwira miyendo kuti chithunzi chisagwedezeke, ndipo chithunzi chimenecho chili m'masukulu dziko lonse lapansi popanda wonena kuti anagwira miyendo ndani. Ndinayang'anitsitsa, ndinapeza Afirika, ndinapeza Malawi, ndinapeza Ntaja, ndinaona mbuzi za Che Ndembo zikudya chimanga cha mayi anga, ndinakuwa kuti psi, mbuzi zinabalalika. Musaseke. Pamenepo ndinalira, misozi n'kumayandama m'chombo, chifukwa kwanu ukakuona kuli kutali chomwecho mtima umawawa. Inu nomwe mukudziwa. Ndani mwa inu sanakwerepo padenga la chinyumba chija n'kuyang'ana kumwera?

Tsopano mverani za kusala. Chombo chikazungulira mwezi kamodzi, dzuwa limatuluka kamodzi n'kulowa kamodzi, ndipo ulendo umodzi wotero sutalika kuposa mpira wa miyendo wokhala ndi nthawi yowonjezera. Shehe anati chiyani? Likatuluka usale, likalowa umasule. Ndiye ine dzuwa likati tulukiru ndasala, likabisala kuseri kwa mwezi ndaponya mtedza m'kamwa, tsiku latha, lina layamba, inu kuno musanamalize n'kuphika komwe ine ndadutsa sabata. Koma sizinathere pamenepo. Azungu atagona, ine ndili pa shifiti, ndinaona kachitsulo pafupi ndi phazi la kapitawo, ndinati kodi aka n'kachiyani, ndinakaponda pang'ono, chombo chinati fyuu, ndinakapondanso, chinayamba kuzungulira mwezi ngati galu wothamangitsa mchira wake, dzuwa n'kumangoti yaka, zima, yaka, zima, ngati babu ya waya womasuka, ine n'kumasala n'kumamasula, kusala, kumasula, mtedza umodzi pa tsiku, kenako theka, kenako ndinkangonyambita, kenako ndinkangonunkhiza thumba, ndikuwerenga masiku ndi mikanda yanga yopempherera mpaka mikandayo inaperepeseka n'kutsala ulusi wokha. Masiku akakwana mwezi ndimasuzumira pawindo, mwezi uwo uli pamphuno, palibe chodikira chilengezo cha pa wailesi, Idi yafika. Ndimamudzutsa kapitawo, ndimamukumbatira, Idi Mubaraka bwana, amagona, pasanathe nthawi ndamudzutsanso, Idi Mubaraka bwana, mpaka munthu uja anandigwadira m'malere kuti Mkwanda chonde, nthiti zanga zatha. Ndinasala Ramadani za unyamata wanga, za ukulu wanga, za ukalamba wanga, ndinasalirako ndi malemu bambo anga amene ankadwaladwala, zinatsalanso zina zapadera. Ya chaka chino ndinaisala cha m'mawa ndithu, ndikuikumbukira bwino, kunali kozizira. Mukumva?

Limbani, ndakuona ukuwerenga zala. Ukuti anthu oyamba kuzungulira mwezi anapita kalekale, ndiye ine ndikanakhala nkhalamba yoyendera ndodo, pomwe pasipoti yanga ikunena zina. Nanga si ndakuuza kuti kumwamba kulibe kulemera? Zaka zimamatira munthu chifukwa cholemera. Zanga zambiri zinayandama, zinatuluka pawindo, zilikobe kumeneko zikuzungulira. Zimene zinatsala ndi zimene zili m'pasipotizo, ndipo n'zokwanira kugwira ntchito.

Pobwerera chombo chinayaka moto polowa mumpweya wa dziko, kunja kuli lawilawi, mkati azungu akuwira thukuta, ine ndikuotcha mtedza womaliza pakhoma, mpaka tinagwera pakati pa nyanja yaikulu, thibu. Kunabwera ndege ija ya chipekupeku, inatsitsa chingwe, inakweza woyamba, wachiwiri, wachitatu, kapitawo n'kundikuwira ali m'mwamba kuti Mkwanda yang'anira chombo, tikutumizira wokulandira shifiti. Iwo anapita kukalandira mamendulo, kukadya ndi mafumu, kukwera magalimoto opanda denga anthu akuwawaza maluwa. Ine ndinaima pachombo, nyanja ikunditenga, nsomba zikuluzikulu zikubwera ine n'kumazifunsa ID, mwezi ukutuluka ine n'kumaupatsa moni ngati mnzanga wakale, mpaka mafunde ananditula ku Nacala, ndinakoka chombocho n'kuchimangirira pamtengo wa kokonati, n'kuyenda wapansi mpaka ku Ntaja. Wondilandira shifiti uja sanafike mpaka lero. Koma palibe bawuti imodzi imene inasowa.

Ukuti bwanji Jafali? Lankhula mokweza, onse amve.

"Che Mkwanda, munthu wodwala Mulungu anamulola kudya. Palibe tchimo, palibe manyazi."

Ukundiphunzitsa ine zimenezo? Ine amene ndinakuphunzitsa kuima pa swala utangofika kuno, usakudziwa ndi kokwerera basi komwe? Ndikudziwa kuti Mulungu amalola wodwala. Mulungu amalola, koma kampani siilola. Mulungu ukamuuza kuti ndadwala amakuti pumula, udzabweza ukapeza bwino. Supavaiza ukamuuza amakuti yalla, fulumira, bweza yunifomu. Ndiye mawu amenewo pakamwa panga satuluka, ngakhale mundikoke lilime.

Kunjenjemera kwa manjaku ndi kwa roketi. Thupi limakumbukira. Nthawi zina masana chimabwera, thukuta lozizira, maso kuchita mdima, miyendo kukhala ngati si yanga, ndimadziwa kuti tikulowa kuseri kwa mwezi, ndimakhala pansi pang'ono, ndimadya tende, tatulukira. Lachitatu zinali zomwezo. Kukodza pafupipafupi usiku mukundinenaku n'chifukwa choti kumwamba ndinkadzigwira, ndinkachita manyazi ndi timatumba tawo tokodzeramo, ndiye thupi likubweza za nthawi imeneyo.

Ndikuuzeni chimodzi, popeza mwandizungulira. Moto wa roketi sindinauope, mdima wa kuseri kwa mwezi sindinauope, nyanja sindinaiope. Chimene ndimaopa ine ndi ndege ya ku Lilongwe, kontrakiti isanathe. Ndimaopa kutsika basi pa Ntaja anthu n'kumanong'onezana kuti Che Mkwanda awabweza, atha ntchito. Mkazi wanga adzandilandira chikwama, sadzanena kanthu, adzanditengera madzi osamba, ndipo kusanena kanthu kwakeko ndi kumene kudzandiphe. Mwana wanga wamkazi watsala pang'ono kumaliza maphunziro a unamwino, amauza anzake kuti bambo anga ali ku Qatar, amalondera nyumba yofika kumitambo. Ndikamuuze kuti bambo ako anawapeza ali khale pamasitepe ngati thumba la makala? Ndikuopa, eya, ndanena. Koma kudwala sindikudwala.

Imvani, mzinga wolengeza nthawi yomasula uwo walira, dzuwa lalowa. Masulani, anthu inu, mwasala tsiku lonse, musandiyang'ane ine. Bisimila. Limbani, ngakhale ndiwe wa ku tchalitchi tenga tende, pamkeka pano palibe mlendo. Iwe Jafali, ukundipatsiranji ine poyamba? Ine ndadya kale masana, ndipo ndakuuza chifukwa chake. Chabwino, bweretsa, dzanja la munthu silibwezedwa.

Watinso chiyani Jafali? Sendera kuno, pakamwa pali tende sindikukumva.

"Ndati ine pamasitepe sindinaone kanthu, Che Mkwanda. Ndinaona mlonda akuyendera masitepe, basi, ndipo supavaiza akafunsa ndidzanena zomwezo. Koma anthu opita kumwezi ndimamva kuti amapimidwa ndi madokotala moyo wawo wonse. Ku Doha Jadeeda kuli dokotala amene si wa kampani. Mawa mukaweruka mupiteko."

Mwamumva? Mwamumva nonse? Mwana uyu ndiye wamvetsa nkhani, osati Limbani ndi zala zake. N'zoona zimenezo, ndi lamulo la anthu a m'mlengalenga, amatipima kuti aone zimene mwezi unatisiyira m'magazi, ndipo ine ndachedwa kale, ku Amereka ayenera kuti akundifunafuna. Ndipita. Ndikamuuza dokotalayo zonse kuyambira pa timba wa m'chipewa, ndipo chimene akapeze m'magazi mwangamo, chilichonse chimene akapeze, akadziwe kuti n'chochokera kumwamba, ndipo mankhwala ake ndidzamwa monga mmene amamwera anzanga atatu aja. Pageti ndiye sindichokapo. Adzachoka ndi supavaiza, chidzagwa ndi chinyumbacho, ine ndili chiimire.

Koma iwe Jafali, wati mupiteko. Mupiteko ndani? Tipita tonse, ukandidikire pakhomo, ndipo dokotalayo akamanena zotsatira ukalowe ukhale pafupi. Usandiyang'ane choncho, ine sindiopa dokotala. Kungoti kumwezi tinapita anayi. Malo oopsa sindinazolowere kupita ndekha.